Aleluya wa pa pulogalamu yakuba

Ndiyambe ndi kuthokoza Ambuye amene atidzutsanso m'chisanu cha Dedza chino, zala zili gwa koma mtima uli wofunda.

Lachitatu kompyuta ya kutchalitchi kwathu inatikana. Ukwati uli Loweruka, mapepala a nyimbo sitinasindikize, pulogalamu yolembera n'kudzitseka yokha. Ine ndi a Chimtengo, mkulu wa kwaya yathu, tinaikulunga m'chitenje n'kupita nayo kwa mayi wina wokonza makompyuta pa Chimbiya.

Mayiyo sanachedwe nayo. "Pulogalamuyi ndi yakuba, bambo. Eni ake aitulukira."

A Chimtengo anavula chipewa. "Mukuti zaka zonsezi takhala tikulemba aleluya ndi katundu wakuba?"

"Si inu nokha. Ndikuikirani ina, yaulere."

"Nanga yaulereyo idabedwa kuti?"

Mayiyo anaseka mpaka kugwira tebulo. Anatiuza kuti alipo mapulogalamu amene eni ake amawasiya poyera mwadala, kuti aliyense atenge, akonze polakwika, agawireko mnzake, popanda wobwera kudzatseka.

Pamenepo ndinakumbukira khunkha. Kwathu kuno mwini munda akatha kukumba mbatatesi, wina aliyense amalowamo ndi khasu, ndipo palibe amamutcha mbala. Malembo nawo amauza wokolola kuti asakololeretu munda wonse, asiyireko mlendo ndi mayi wamasiye. Kani alipo anthu a makompyuta amene analimva lamuloli?

Tsono funso langa likupita ku boma. Likapangitsa pulogalamu, kapena kulembetsa buku la sukulu ndi malangizo a ulimi, ndalama zake ndi misonkho yathu. Munda umenewo tinalima ndife. Bwanji osaika lamulo lomveka kuti zonsezo zikhale za aliyense, mphunzitsi wa ku Mayani azikopera ndi kuzimasulira m'Chichewa mopanda mantha? Ndipo makompyuta a m'masukulu aziyenderanji mapulogalamu oti mawa angatsekere ana pakati pa phunziro?

Ukwati unayenda bwino, nyimbo zili m'manja mwa aliyense. Koma a Chimtengo mtima sunakhazikike. Potuluka anandikokera pambali n'kunong'ona: "Za kale zija ndikalape ndekha, kapena tipite kwaya yonse?"

Ambuye akudalitseni, awerengi anga. Minda yanu ibereke mpaka kusefukira, ndipo akupatseni mtima wosiyako m'mphepete kuti wobwera pambuyo panu asabwerere chimanjamanja.