Khofi Wogawana wa a Nanjundappa

A Nanjundappa akhala akusoka zovala mumzinda wa Mysuru kuyambira ali mnyamata. M'mawa uliwonse asanatsegule kashopu kawo ankayamba aima pakantini yapakona kumwa khofi wamkaka, wotentha, wathovu, ndipo masana ankabwererakonso. Anzawo onse ankawapeza pomwepo.

Akazi awo, a Girijamma, atapezeka ndi matenda a shuga, mankhwala anayamba kudya ndalama za m'nyumba. A Nanjundappa anangoleka kupita kukantini, osauza munthu. Ankamwa khofi wakunyumba, wopanda shuga kuti asawalakalakitse akazi awo, n'kumadzera njira ina popita kuntchito. Lilime linazolowera msanga, koma mtima unkasowabe phokoso la anzawo.

Tsiku lina mmodzi wa anzawo akukantini aja, a Basavaraj, omwe kale ankayendetsa basi, anawalondola kushopu.

"Akulu, kutitaya chonchi? Kapena mwalemera, ife tayamba kununkha?"

"Kulemera kwake kuti, achimwene," anayankha a Nanjundappa, maso ali pansalu. "Mankhwala a mayi akunyumba andimanga manja."

A Basavaraj anati, "Inenso adokotala anandiuza kuti ndichepetse khofi, koma ndimawazemba. Ndithandizeni, tizigawana kapu imodzi. Mawa ndidzalipira ine, mkuja inu."

A Nanjundappa anaona kuti za adokotalazo mwina n'zongopeka, koma sanafunse. M'mawa mwake mwini kantini anagawa khofi wa munthu mmodzi m'timakapu tiwiri tachitsulo, ndipo a Basavaraj anadandaula mokweza kuti thovu lonse lapita kwa telala.