Geti la ku Fourways Linakana Chala Changa

Pamene ndinkayamba ntchito ya m'nyumba ku Fourways, ku Joni, kunali tchire, mahatchi ndi fumbi. Ndinkatsika takisi pamsewu waukulu n'kuyenda wapansi mpaka kwa adona, ndipo agalu a m'njira monse ankandidziwa. Ana a m'nyumbamo ndinawabereka kumsana ngati anga. Kenako kunabwera magalimoto okumba ndi mipanda yamagetsi. Adona anagulitsa malo aja n'kukalowa mu esiteti, mudzi wa nyumba za olemera wotchingidwa ndi mpanda, ine n'kuwatsatira. Kumeneko moni satsegula geti, umachita kuika chala pa kagalasi.

Maondo atayamba kundivuta, ndinaitanitsa mwana wa mng'ono wanga kuchokera ku Machinga. Anafika ku Joni ndi kachikwama kamodzi, Chingerezi osachidziwa. Tinkagona bedi limodzi m'chipinda changa ku Hillbrow. Ndinamuphunzitsa kusita malaya a bwana, kuyankha adona akapsa mtima, ngakhale kalozedwe ka chala koimitsira takisi. Ndinapempha adona kuti mtsikanayo azindithandiza masiku ochapa, iwo anavomera.

Chaka china m'nyengo yozizira chifuwa chinandigoneka. Mtsikanayo ankapita yekha kuntchito, akabwera n'kumati, "Amayi, pumulani. Adona akuti musafulumire."

Nditachira ndinapita. Ndinaika chala pa kagalasi, kanayaka kofiira. Ndinachipukuta pa chitenje n'kuikanso, chimodzimodzi. Mlonda wa pageti, Mzulu amene ndinkagawana naye buledi, anayang'ana pansi.

"Gogo, chala chanu anachichotsa mu makina."

Anawaimbira adona, ndipo iwo anabwera pa galimoto koma sanatsike. Anati amva kuti maso anga afooka, kuti ndinawotcha diresi lawo ndi simbi n'kulibisa, ndiponso kuti ndikufuna kubwerera kumudzi koma ndikuchita manyazi kunena. Ndinafunsa kuti wawauza ndani. Mwana wa mng'ono wanga anali pampando wakumbuyo, atavala yunifolomu yanga ya buluu, maso ali pa foni.

Diresi lija anawotcha ndi iyeyo. Ndinafuna kumuulula, koma nditaganiza za mayi ake ndinaleka.

Katundu wake anadzatenga ine kulibe. Adona anamupatsa kachipinda kakuseri, kamene ine ndinakapempha zaka zambiri osapatsidwa. Mng'ono wanga amandiimbirabe foni kuthokoza kuti ndinamupezera mwana ntchito yabwino, ine ndimangoti zikomo. Masiku ano ndimagulitsa mandasi pamalo okwerera matakisi, nditakhala pa kreti chifukwa cha maondowa.