Tsiku limene a Gaba anabweza m'khola

A Mthetheleli Makeleni, amene pamudzi pathu pa Mnqumeni timawatchula ndi mfunda wawo kuti a Gaba, anabadwa Lachisanu pa 14 Malichi 1958. Anagwira ntchito zaka makumi atatu ndi chimodzi ku fakitale ya magalimoto mumzinda wa Monti, koma palibe amene amawadziwa ndi magalimoto. Amadziwika ndi mpira wa ragibi. Anavala nambala 2 m'timu ya m'mudzi mpaka pa 9 Ogasiti 1986, tsiku limene amuna khumi ndi asanu anawagwera pamodzi pokankhana, khosi n'kuchita khwa. Chiyambire tsikulo, akafuna kuona munthu amene ali pambali amatembenuka thupi lonse ngati chitseko.

Atasiya kusewera, mphamvu zonse zinapita pakamwa. Lolemba lililonse nthawi ya sikisi madzulo ankaimba foni ku wailesi, pa pulogalamu imene anthu amakangana za timu ya chigawo chathu. Nyimbo yawo inali imodzi: osankha osewera amangoona ana a m'sukulu za m'tauni zokhala ndi kapinga wothiriridwa, pomwe kuno ana amaphunzira kuzinda munthu pabwalo lopendekeka, lodzaza ndowe. Wowulutsa mawu uja ankangoti, "Tawalandireni a Gaba a ku Mnqumeni, tikonzeke kutukwanidwa."

Mdzukulu wawo Sethu anakulira m'manja mwawo kuyambira pa 11 Seputembala 2005, pamene bambo ake, mwana wa a Gaba, anamwalira. Mu 2014 anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, akuvala nambala 10, ndipo ankamenya mpira ndi miyendo yonse iwiri. Nthawi yake yopita kuphiri kukadulidwa inali itakwana. Loweruka la Pasaka, pa 19 Epulo, a Gaba anaima m'khola pamaso pa amuna a banja, anavula chipewa, nawauza makolo amene anatisiya kuti mwanayo adzapita kuphiri pa 21 Juni pamodzi ndi anzake asanu. Mbuzi ya nsembe inalira, amuna onse anavomera. Patapita masiku awiri okha, pa mpikisano wa Pasaka, munthu wina wovala jekete lachilendo anaima kuseri kwa milongoti akulemba m'kabuku. Palibe anam'funsa dzina.

Kalata inafika Lolemba pa 2 Juni. Sethu anaitulutsa m'chikwama cha kusukulu mwamantha ngati chinthu choba.

"Tamkhulu, aphunzitsi ati ndikupatseni," anatero, poti kwathu agogo aamuna timawaitana choncho.

A Gaba anaiwerenga ali chiimire. Sethu wasankhidwa m'timu ya chigawo ya anyamata osapitirira zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Akafike ku Monti pa 23 Juni. Masewero oyamba ali pa 5 Julaye, ndi anyamata a ku Bhayi. Amene sadzaoneka pa 23 Juni, malo ake adzapatsidwa kwa wina.

Anaiwerenganso kachiwiri. Munthu akapita kuphiri pa 21 Juni amakhalako milungu inayi, ndipo akatsika sathamanga msanga.

"Amayi ako aiona?"

"Ayi."

"Usawaonetse kaye."

Madzulo a tsikulo, kwa nthawi yoyamba m'zaka zisanu ndi zinayi, a Gaba sanaimbe ku wailesi.

M'mawa mwake anapeza anzawo atakhala kale padzuwa kukhoma la golosale, akuotha. Nkhani inali itafika iwo asanafike, chifukwa mphunzitsi uja sasunga chinthu. A Dlomo, mnzawo wa kuubwana, anawasunthira malo pabenchi.

"Dzulo wailesi inali ngati maliro, Gaba. Tinati kapena khosi lija lamaliza."

"Foni inalibe moto."

"Foni, kapena mwini wake? Zaka zonsezi ukulira kuti sakutiona, sakutiona. Lero ationa, iwe wabisala kuseri kwa mbuzi."

Wina anati mwanayo n'ngwabwino koma n'ngopepuka, anyamata a ku Bhayi amadya nyama m'mawa, adzam'pinda ngati waya. Wina anati timu ya akuluakulu yagonja kanayi motsatizana chifukwa nambala 10 wawo amamenya mpira ngati akuthamangitsa nkhuku, ndiye chigawo chikufuna mwana ngati Sethu lero, osati mawa. Wachitatu anati kaya akhale wa miyendo inayi, mwana wosadulidwa sangamauze amuna kopita m'bwalo.

"Amenewo ndi mawu ako omwe, Gaba," anatero a Dlomo. "Unanena chaka chatha pomwe pano."

"Ndinkanena za timu ya m'mudzi."

"Eya. Pakamwa pako pali ndi zitseko zambiri."

A Gaba sanaseke. Ankadziwa kuti kalata yotere sifika kawiri pa Mnqumeni. Chaka chamawa Sethu adzakhala atamaliza sukulu, ndipo munthu wa kabuku uja adzakhala akuyang'ana ana ena. Koma ankadziwanso kuti tsiku lonenedwa m'khola silifufutidwa ngati choko. Amene analinena ndiye ayenera kukaimanso pomwepo n'kulibweza, ndipo wamkulu wa banja akapanda kuvomera, mawuwo sanamveke. Wamkulu wa banja anali mkulu wawo, a Velile, munthu amene sanaonepo ragibi ngakhale ya mng'ono wake.

Anapita kwa iwo Lachinayi pa 5 Juni. Anawapeza akumanga mpanda.

"Bhuti, mkulu wanga, ndabwera ndi nkhani ya mwana."

"Ndamva. Yankho ndi ayi."

"Simunamve zonse."

"Chimera chanyikidwa. Mabulangete agulidwa. Wodula wauzidwa, wosamalira wauzidwa. Zonsezo n'zazing'ono. Iwe unaima pamaso pa bambo athu n'kutchula tsiku. Ukufuna ukawauze kuti chiyani? Kuti adikire, mwana ali ku mpira?"

"Disembala sikutali."

"Disembala kumatentha, mabala amavuta, ukudziwa. Ndipo tayang'ana kuno." A Velile anasunthira dala kumanzere, kuti mng'ono wawo atembenuke thupi lonse. "Waona? Ndi chimene mpirawo unakupatsa. Mwana wa malemu akakagwa kumeneko asanakhale mwamuna, tidzamuika ngati mwana. Udzayankha ndiwe."

A Gaba anabwerera osamwa ngakhale tiyi.

Sabata yonseyo panyumba panali zii. Mayi ake a Sethu, a Nosakhele, anali ataiona kalata, popeza ndiwo amachapa thalauzi. Sananene kanthu, chifukwa za kuphiri akazi sitilowererapo, koma mbale zinkatera patebulo mwaphokoso. Lachitatu pa 11 Juni a Gaba anachita chimene bambo awo sakanachita: anam'funsa mwanayo. Anam'peza kubwalo yekha, akumenyera mpira pakati pa milongoti iwiri yokhota ija.

"Ukudziwa chimene chidzachitike anzako akatsika iwe usanapite?"

"Ndikudziwa, Tamkhulu."

"Nena."

"Sindidzadya nawo mbale imodzi. Adzandituma madzi. Ndidzawatchula kuti bhuti, ngakhale Bulelani amene ndimamuposa ndi chaka."

"Ndipo sizidzatha mu Disembala. Pa nyama iliyonse, mpaka imvi, iwo adzayamba kudula iwe ukuyang'ana."

Sethu anatembenuza mpira m'manja kangapo.

"Phiri lidzakhalapo, Tamkhulu."

"Ungakafike kumeneko n'kukhala pabenchi masewero onse."

"Ndikakhalepo."

Loweruka pa 14 Juni, nthawi ya teni m'mawa, amuna khumi ndi mmodzi analowa m'khola la a Makeleni. Kunali chisanu choti ndowe zinauma gwa. Akazi tinali pakhomo la khitchini, pomwe mawu amafika mphepo ikalola. A Velile anabwera pomalizira, atavala chikhoti chawo cha ku maliro, nakhala pachitsa osapereka moni.

A Gaba anavula chipewa, nayang'ana mtengo wa pakati pa khola pomwe pamapachikidwa nyanga. Anatchula makolo mmodzimmodzi, mpaka bambo awo ndi mwana wawo. Munthu amene pawailesi ankachita kum'dula mawu, tsiku limenelo ankafunafuna mawu ngati singano.

"Pa Pasaka ndinaima pano n'kukuuzani tsiku. Sindinaname. Koma ndinanena ndisanadziwe. Mwana wanu waitanidwa kukaimira chigawo. Sindikum'bisa, sindikum'thawitsa. Ndikupempha kuti tsiku lija mundibwezere, ndidzakupatsani lina chaka chomwechino. Cholakwa chikhale changa, osati chake."

Anasiya. Apa amuna amayankha kuti "Camagu", mawu ovomereza, koma sayamba wamng'ono wamkulu ali pomwepo. Onse anayang'ana pansi. Ng'ombe ina inakanda nyanga pamtengo. A Gaba anaima chomwecho chipewa chili m'manja, osatha kucheuka kuti aone nkhope ya mkulu wawo, ndipo kutembenuka thupi lonse kukanakhala kupatsa makolo msana. Anangomva kupuma kwa anthu kumbuyo kwawo.

A Velile anatsokomola.

"Camagu."

Linali liwu lotsika, lopanda mafuta. Enawo anatsatira msangamsanga ngati anthu othawa mvula. Potuluka, a Velile anaima pachipata.

"Ndavomera chifukwa cha malemu, osati iwe. Um'bweretse ndi miyendo yake."

Pa 21 Juni anyamata asanu anakwera phiri, mudzi wonse ukuimba. Sethu anadzitsekera m'chipinda mpaka nyimbo zitazilala. Pa 23 Juni anakwera minibasi ya ku Monti ndi nsapato zake m'pepala la pulasitiki.

Pa 5 Julaye a Gaba ndi a Dlomo anafika kubwalo la ku Monti kutatsala maola awiri. Sethu anatuluka atavala nambala 22. Anakhala pabenchi.

"Osadandaula," anatero a Dlomo. "Benchi la chigawo n'lofewa kuposa lathu."

"Khala chete, Dlomo."

Pofika popumulira, a ku Bhayi ankatsogola 17 kwa 6. Kumbuyo kwa a Gaba munthu wina ankakuwa kuti nambala 10 wathuyo achoke, akagulitse malalanje. A Gaba, amene masiku ena akanam'thandiza kukuwa, anangokhala akuyang'ana wotchi ya pabwalo. Mphindi makumi asanu. Makumi asanu ndi limodzi. Anayamba kuganiza za mmene akanenere kumudzi kuti anabweza tsiku m'khola kuti mwana akaothe dzuwa ku Monti.

Pa mphindi ya 66 kochi anakodola. Sethu anavula jekete.

Mpira woyamba anaumenya ndi mwendo wamanzere, unakagwa pafupi ndi ngodya n'kutuluka, anthu anaomba m'manja poti wabwezera a ku Bhayi kumbuyo. Wachiwiri anaugwira nthawi yaitali. Anadikira kuti nambala 7 wa ku Bhayi, chimnyamata chachifuwa ngati chitseko cha khola, abwere ndithu pa iye, ndipo anaupereka kwa mnzake pamene winayo anali kale m'mwamba akum'dumphira. Mnzakeyo anapeza njira yoyera mpaka kuseri kwa mzere, n'kugoletsa. Bwalo lonse linaimirira, mitu yonse inatembenukira kumene kunapita mpira.

Mutu wa a Gaba sutembenuka. Iwo okha anatsala akuyang'ana pomwe Sethu anagwera, ndipo anaona kuti sakudzuka. Anagona chagada, dzanja limodzi lili pansi pa msana, miyendo ili phee.

"Dlomo."

"Waona zimenezo, Gaba? Waona?"

"Dlomo, miyendo. Tayang'ana miyendo, maso anga sakufika."

A Dlomo anasiya kuseka. Anthu awiri a chithandizo anathamangira m'bwalo, wina anagwada n'kugwira mutu wa mwanayo mbali zonse ziwiri. A Gaba ankaudziwa kagwiridwe kameneko. Anamva fungo la udzu wa 1986 m'mphuno mwawo. Anagwira chitsulo cha kutsogolo kwawo nayamba kutchula maina omwe aja a m'khola, chamumtima, mosatsata ndondomeko.

"Bondo lagwedezeka," anatero a Dlomo. "Lamanja. Linanso. Akukhala tsonga, Gaba. Ndi mpweya chabe unam'thawa."

Sethu anaimirira, analavula, nakana kutuluka. Anamaliza masewerowo akugwira nthiti. Tinagonja 24 kwa 20. Pachipata kochi anawapatsa a Gaba dzanja nati mwanayo atsale, Loweruka likudzalo ayamba ndiye. A Gaba anangogwedeza chipewa. Ulendo wonse wobwerera a Dlomo ankafotokozera minibasi yonse za mpira uja.

Lamulungu pa 6 Julaye, asanapite kutchalitchi, anakagogoda kwa a Velile.

"Bhuti, ndabwera kudzapereka malonje."

"Ali ndi miyendo yake?"

"Ali nayo. Nthiti zokha zikuwawa. Am'sunga mpaka Okutobala."

A Velile anapitiriza kumanga zingwe za nsapato.

"Akwera pa 29 Novembala. Ndauza kale wodula. Koma tsiku limenelo m'khola ndikanena ndine, ndipo podzatsika mwanayo, wodzam'patsa ndodo ndi malangizo ndine. Iwe udzakhala ndi enawo, udzavomera."

Ntchito imeneyo a Gaba anali akuiyembekezera kuyambira tsiku limene anaika mwana wawo m'manda. Mawu a malangizowo anali atawakonza kale, ena atawalemba kuseri kwa kalendala. Anayang'ana nsapato za mkulu wawo kwa kanthawi.

"Ndamva, Bhuti," anatero.