A Yohane Tembo Atatu

Chimene ndimayamba kukumbuka ndi njinga ya atate itatsamira nkhokwe, chikwama chawo cha kusukulu chitamangidwa ndi mphira pa kaliyala, ife ana tili pamphasa kusenda nsawa. Chinali tchuthi cha Ogasiti. Mphepo inkanyamula makoko n'kukawataya m'khola la mbuzi, milomo inkang'ambika, ndipo paliponse pankanunkha lupsa chifukwa anyamata ankatentha tchire posaka mbewa. Atsikana tikatopa ndi nsawa tinkakumba kadzenje n'kuyamba phada mpaka amayi atatiitana kukatunga madzi. Atate anali mphunzitsi ku Chiparamba, ndipo patchuthi chotere ankakonda kukhala pamudzi n'kumakonza madenga. Chaka chimenecho ankachoka m'mawa uliwonse, chifukwa cha funso limene agogo aNabanda anawafunsa.

ANabanda anali mkazi wa a Yohane Tembo, mkulu wawo wa agogo anga aamuna. A Yohane anatengedwa usilikali pa nkhondo yachiwiri ya azungu atangokwatira kumene, mwana asanabadwe m'nyumba, ndipo sanabwerenso. Uthenga wa imfa sunafike, munthu naye sanafike. Kwathu, kufupi ndi Mtenguleni, ndi kwa Angoni: ng'ombe za malowolo zikaperekedwa mkazi amakhala kwa mwamuna mpaka akulu atamumasula, ndipo sakanamumasula popanda maliro. Choncho aNabanda anakalambira pakati pathu, m'kanyumba ka kumapeto, akulima nsawa zawo ndi kulera ana a eni. Sanali munthu wa nkhani zambiri. M'dzinja la chaka chimenecho anadwala kwambiri, ndipo atachira anaitana atate. “Aphunzitsi, inu mumadziwa kuwerenga. Ndikafa mudzandiika ngati mkazi wa munthu kapena ngati wamasiye?”

Atate anayambira ku mishoni. M'kaundula wa tchalitchi anapeza ubatizo ndi ukwati, basi, zimene aliyense ankazidziwa kale. Anapalasa kupita ku boma ku Chipata, kumene anawauza kuti mapepala a nthawi imene tauniyo inkatchedwa Fort Jameson anatumizidwa ku Lusaka kalekale. Anazungulira midzi kufuna madoda amene anapita ku nkhondo ija. Anapeza mmodzi yekha, wogontha, amene ankakumbukira sitima ya pamadzi ndi mvula ya ku Burma koma osati mayina a anzake. Pomaliza anakwera basi kupita ku Lusaka. Masiku amenewo aNabanda sanafunse ngakhale kamodzi kuti abwera liti.

Atate anabwera ali wotuwa ndi fumbi, n'kupita molunjika pakhonde pa aNabanda, pamene ine ndinali kuwathandiza kupeta. Akulu a banja anasonkhana, ndipo palibe anakumbuka kundithamangitsa. Atate anafotokoza pang'onopang'ono kuti m'nyumba yosungira mapepala akale a boma anapezamo a Yohane Tembo atatu, onse a boma lathu, onse a mfumu imodzi. Mudzi sunalembedwe. Woyamba anamwalira ndi malungo kutsidya kwa nyanja n'kuikidwa komweko. Wachiwiri anamasulidwa nkhondo itatha, n'kupatsidwa tikiti ya sitima yopita ku migodi. Wachitatu mzere wake unangothera panjira, wolemba sanawonjezepo kanthu. Aliyense anali ndi nambala yake ndi msinkhu wake, koma ndani pamudzi anayezapo a Yohane ndi tepi?

Akulu anayamba kukangana. Ena ankati mwana wa pamudzi pano sakanapita ku migodi osadzalonjera amake. Ena ankati ambiri anachita zomwezo n'kukwatira kumeneko, ndipo kumeta maliro a munthu wamoyo n'kuitana tsoka. ANabanda anapitiriza kupeta mpaka mawu anatha okha. Kenaka anaika lichero pansi.

“Mwabwera ndi atatu, ine ndinakwatiwa ndi mmodzi,” anatero. “Ndipatseni wakufayo.”

“Amayi, ine sindingatsimikize kuti ndi iyeyo,” anayankha atate.

“Sindinakutumeni kukatsimikiza. Ndinakutumani kukandifunira chochita.”

Atate anali munthu wosakonda kulemba chinthu chimene sanachione ndi maso. Komabe mawa lake anapalasa kupita kwa wansembe n'kumuuza zonse monga zinalili, atatu onse, osabisa. Wansembe anati kupempherera munthu sikufuna chikalata. Misa inachitika Loweruka, anthu anali ochepa. Amayi ndi azakhali anaphika thobwa, aNabanda anametedwa kuseri kwa nyumba, ndipo mkulu wa banja anaima pabwalo n'kunena mawu amene anachedwa moyo wonse wa munthu: kuti mwamuna wapita, ng'ombe zathera pomwepo, mkazi ndi womasuka.

Ife tonse tinkaganiza kuti nkhani yathera pamenepo. Koma mphepo ya Ogasiti isanaleke, aNabanda anamanga miphika yawo m'chitenje, anagawira ana nkhuku, n'kupempha ngolo yoti iwaperekeze kwawo cha ku Chadiza, kumene ana a mlongo wawo ankangowadziwa ndi dzina. Amayi analira, akuti adzawatungira madzi ndani kumeneko. Atate anawachonderera kuti pano ndiye kwawo tsopano. Iwo anayankha mosakwiya kuti anabwera kudzakwatiwa, ndipo ukwati watha. Ndinaperekeza ngoloyo mpaka pamsewu. Anakhala pathumba la nsawa, mutu wometa utafundidwa duku, akuyang'ana kumene ng'ombe zinkalowera.

Anakhala zaka zochepa kumeneko, ndipo anaikidwa pafupi ndi amayi awo. Atate anapitiriza kulembera maofesi mwakachetechete mpaka atapuma ntchito, koma sanadziwe kuti mwa atatu aja wathu anali uti. Lero mapepala otere ena amawawerenga pafoni, ndipo adzukulu amandifunsa chifukwa chake sindifufuza. Mwina tsiku lina wina adzatero. Ine ndinaona kuti boma linalemba mosamala za amuna amene linatenga, mpaka msinkhu wawo, koma za mkazi amene anadikira pakhonde lija palibe ofesi imene inalembapo kalikonse. Mlandu wake anaugamula yekha, lichero lili pansi.