Alovi amene ndinawasamutsa m'fayilo

Ndinalowa ntchito pa kaofesi kena ku Mangochi chifukwa ndinkadziwa pang'ono kulemba mapulogalamu a pakompyuta. Ndikuti pang'ono, koma masiku amenewo ndinkadzimva ngati dolo. Ofesiyo inkafuna kaundula wa mabwato ndi alovi ake, anyamata okoka makoka aja, kuti mphepo ya mwera ikavuta tizidziwa amene ali pamadzi ndi khomo loti tikagogode.

Asodzi sakonda kulembedwa. Akaona munthu ali ndi foni pagombe amaganiza kuti akubwera kudzalanda maukonde. N'chifukwa chake ndinkayenda ndi amjomba, alongo awo a mayi anga, amene anakalambira panyanja. Iwo ankayamba ndi salamu, n'kufunsa za odwala, n'kulumbira kuti mayinawo asungidwa bwino. Ine ndinkangodikira kumbuyo ndi foni yanga.

Pagombe lina kufupi ndi Nkopola tinapeza bambo wina wachikulire akusoka ukonde. Anali ndi bwato limodzi ndi alovi asanu. Anamvetsera amjomba mpaka kumapeto, kenako anandiyang'ana ine.

"Iwe mwanangu, dzina ukalitenga n'kuliika umo, kuno kutsala chiyani?"

Ndinaseka, ndipo kuseka kumeneko kumandichititsa manyazi mpaka lero.

"Ayi bambo, sititenga. Timangokopera basi."

Anatchula mayina onse asanu pang'onopang'ono, aliyense ndi mudzi wa mayi ake.

Titamaliza magombe onse, ndinatsitsira zonse m'kompyuta. Zinalowa m'fayilo imodzi ya XML, ndipo foni ija inafufutidwa n'kupatsidwa anthu ena a ntchito ina. Fayilo ya XML imakhala ngati banja. Pali kholo, pansi pake ana, pansi pa anawo ana awonso. Kwa ife gombe linali kholo la mabwato, bwato n'kukhala kholo la alovi. Abwana ankafuna fayilo yachiwiri yoyalidwa mwa mtundu wina, choncho ndinalemba kapulogalamu ka Python koti kazitenga bwato lililonse ndi alovi ake m'fayilo yoyamba n'kukalilumikiza m'yachiwiri. Pomaliza kankasunga mafayilo onse awiri. Chifukwa chosungiranso yoyambayo sindikuchidziwa. Mwina ndinkaona ngati ndi ukhondo.

Linali Lachisanu masana. Amuna onse anali atapita kumzikiti, ndipo muofesi ndinatsala ndekha ndi chokupizira mphepo. Ndinadina batani. Pagalasi panabwera mizere yodandaula, kuti kapulogalamu kalephera kulemba chilembo china. Chinali chilembo cha ŵ, chokhala ndi kadenga chija, chimene ndinachiika m'dzina la bwato lina pofuna kuonetsa kuti ndinapita kusukulu. Sindinade nkhawa. Ndinatsegula fayilo yachiwiri ndipo inali mbee, yopanda ngakhale kadontho. Ndinati palibe kanthu, ndiyambiranso. Ndinatsegula yoyamba ija.

Munali mayina a magombe okhaokha. Pansi pa gombe lililonse panalibe bwato, panalibe mlovi.

Ndinatseka fayilo, ndinatsegulanso, katatu konse, ngati munthu wosuzumira mumphika woti waona kale kuti mulibe kanthu. Ndinachita mantha kwambiri. Ndinafufuza mobisika monse mwa kompyuta, m'zinyalala, m'kafulashi kanga. Panalibe pena pamene ndinasunga.

Kenako ndinawerenga pa intaneti zimene ndinayenera kuwerenga poyamba. Pa zida zimene ndinkagwiritsa ntchito, mwana sakhala ndi makolo awiri. Ukamulumikiza kwa kholo latsopano, kwakaleko amachokako. Lamulo limene ndinalemba silikopera, limasamutsa, ngati mkamwini amene akapita kwa mkazi kwawo kumatsala mphasa yokha. Pofuna kukopera umayamba wapanga mapasa a mwanayo ndi zonse zili pansi pake, n'kutumiza mapasawo. Ndi mzere umodzi wokha. Tsono kapulogalamu kanga kanasamutsa mabwato onse, kanasunga fayilo yoyamba ili yopanda kanthu, ndipo pofika posunga yachiwiri kanapunthwa pa ŵ uja n'kufa ndi katundu yense m'manja.

Ndinamva anthu akubwera kuchokera kumzikiti, akuseka panja. Ndinaganiza zonama kuti magetsi anathima. Ndinaganizanso zongonyamula chikwama n'kukwera kabaza osabweranso. Abwana atalowa ndinangonena zoona, mawu akutuluka ngati a mwana. Sanakalipe. Anangoti ndibwererenso kumagombe, ndipo zimenezo n'zimene ndinkaziopa kuposa kuchotsedwa ntchito.

Amjomba ndinawauza madzulo ake ali pakhonde.

"Ine ndinalumbira pamaso pa anthu," anatero. "Ukuti mayinawo apita kuti?"

"Palibe kumene apita, amjomba. Angosowa."

"Chinthu sichingosowa. Anthu adzati tagulitsa."

Komabe anavala chipewa chawo cha kofiya m'mawa mwake n'kunditsogolera. Ena anatiseka, ena anatinyoza, ambiri anatchulanso mayina chifukwa cha ulemu wa amjomba. Nthawi ino ndinkalembanso m'kope ndi bolopeni, ndipo fayilo ndinkaisunga patatu.

Bambo wa ku Nkopola uja tinamupeza pamalo omwe aja. Amjomba anafotokoza m'Chiyao, motsitsa mawu. Iye sanasiye kusoka.

"Ndinakufunsa, mwanangu. Unati chiyani?"

"Ndinati timangokopera."

"Nanga alipo?"

"Palibe, bambo."

"Basi. Awa atsala ndi ine."

Amjomba anayesa kumunyengerera, koma iye anangopukusa mutu. Tinachoka kope lili lotseka.

Kapulogalamu kaja ndinakakonza, ndipo kakugwira ntchito mpaka pano. Kaundula ali ndi mabwato a magombe onse amene tinayendamo, kupatula limodzi. Miyezi yozizira mwera ukayamba kuwomba, zitseko za ofesi zikumenyetseka, ndimatsegula fayilo n'kupita pa gombe lija. Ndimadziwa kuti penapake pamadzi pali anyamata asanu, ndipo ndimayesetsa kukumbukira mayina amene bambo uja ananditchulira bwinobwino tsiku loyamba. Ndimakumbukira awiri okha.