Anandigwaditsa Padzuwa Mutu Ukung'amba

Ndikukumbukira dzuwa la kwathu ku Golomoti m'mwezi wa Okutobala, lija limasandutsa mchenga wa m'njira kukhala phulusa lamoto. Anzanga ankalidandaula poti limawawotcha mapazi. Ine linkandilowa m'maso.

Munali m'zaka za m'ma 1950, ndili ndi zaka ngati khumi, pamene mutu waching'alang'ala unayamba kundizunza. Unkayamba ndi timizere tothwanima pakona ya diso lakumanzere, tonga mamba a nsomba. Pakapita kanthawi theka la mutu linkagunda ngati muli munthu akusinja, nseru n'kubwera pambuyo. Zikatero chilichonse chowala chinkandibaya: beseni la malata, njanji ya sitima, ngakhale thonje loyanikidwa pabwalo.

Amayi sankafunsa zambiri, chifukwa nawonso mutuwu unawavutapo pa utsikana wawo. Ankandigoneka pamphasa m'nyumba, n'kutseka chitseko, mipata yonse n'kutsekera ndi sanza. Kenaka ankaviika nsalu mumtsuko n'kundimanga kumutu mpaka kuphimba maso. Mpaka lero fungo la dothi lozira kumene limandikhazika mtima pansi, chifukwa ndi limene ndinkanunkhiza ululu ukamachepa. Azakhali anga anaumirira kuti anditeme mphini m'mbali mwa maso, ndipo ananditemadi. Mphinizo zinangondiwonjezera kukongola. Mutu sizinaukhudze.

Abambo ananditengera ku kachipatala komwe tinkayendera wapansi theka la tsiku. Kumeneko anatipatsa asipulini n'kutiuza kuti kuwala ndi kumene kumaputa mutuwo, choncho ndizitchinga maso. Abambo anali mmisiri wa mphasa ndi madengu, ndiye anandilukira chipewa cha mlaza chotambalala ngati lichero, amayi n'kusokerera nsalu yakuda ya biriwita kunsi kwake. Ana anzanga ankandiseka kuti ndine bowa woyenda. Sizinkandikhudza. M'kati mwa chipewacho ndinkapita kumadzi ndi kusukulu masana osalira.

Sukulu yathu inali ya chipinda chimodzi chachitali, mazenera ake opanda zotsekera. Atsikana tinkakhala mbali ya kum'mawa, kumene dzuwa linkalowera. Aphunzitsi athu anali a Zingani, munthu wochokera kumtunda, wa malaya oyera osadziwa fumbi. Lamulo lawo linali lakuti chipewa chizithera pakhomo, ndipo ndinkamvera. Sukulu ndinkaikonda. Powerenga ndinkawaposa anyamata onse kupatula mmodzi.

Sabata ina kunamveka kuti kukubwera woyendera masukulu, ndiye makoma onse anawapaka laimu, kunja ndi m'kati. Lolemba lake titalowa m'kalasi, chipinda chonse chinali mbee. Tisanafike pakati pa masamu, timizere tija tinayamba. Ndinatchinga nkhope ndi sileti n'kutsinzina. A Zingani anandiitana kuti ndiwerenge zimene zinali pabolodi. Ndinawauza mwaulemu kuti sindikuona bwino, mutu wandiyamba.

"Mutu umapweteka munthu amene amaugwiritsa ntchito," anatero. "Wakowo ukupweteka ndi chiyani?"

Kalasi yonse inaseka. Sindiwadandaula anawo, ankaseka poopa mkwapulo. Ululu utakula ndinachita chinthu chimene sindinachitepo: ndinatenga chipewa changa n'kuvala m'kalasi momwemo. A Zingani anachitsomphola n'kuchikoloweka pamsomali. Anati popeza ndimakonda tulo, andipatsa mankhwala ake. Ananditulutsa panja, n'kundigwaditsa pamchenga moyang'anana ndi khoma la laimu lija, dzuwa likuliwomba. Anandilamula kuti ndiyang'ane khomalo maso ali tong'o mpaka belu litalira. Iwo ankaphunzitsa ataima pazenera. Ndikangotsinzina, mkwapulo unkanditera paphewa.

Sindidziwa kuti ndinagwada nthawi yaitali bwanji. Misozi inkangotsika yokha, khoma likuvina. Kenaka ndinasanza. A Zingani anauza kalasi kuti zimenezo ndi mango osapsa amene ndinadya m'njira, n'kundiuza kuti ndikwirire ndekha ndi mchenga. Belu lathu linali chidutswa cha njanji chopachikidwa pamtengo, ndipo pamene analiwomba ndinamva ngati awomba m'mutu mwangamu. Kunyumba ndinafika mnzanga Esitere atandigwira dzanja ngati wakhungu. Ndinagona mumdima masiku awiri.

Tsiku lachitatu amayi anamanga nsalu yawo ya kutchalitchi n'kupita nane kusukulu. Anali munthu wofatsa, wosadziwa ngakhale chilembo chimodzi, ndipo ankaopa aphunzitsi ngati boma. Anagwada pakhomo n'kupereka moni monga mwa mwambo. Kenaka anayankhula.

"Aphunzitsi, mwanayu mukanam'menya ndikanamvetsa, ana amalakwa. Koma inu mwamulanga ndi matenda ake omwe. Kodi wa chilonda kuphazi mumamuyendetsa paminga?"

A Zingani anayankha kuti matenda opanda chilonda, opanda kutentha thupi, iwo sawadziwa. Anati ana akumudzi ali ndi nzeru zambiri zozembera sukulu, ndipo akalola mmodzi kuvala chipewa, mawa kalasi yonse idzabwera ndi malichero kumutu. Amayi anapempha kuti mwina angondisamutsira kukona kopanda zenera. Anakana, ati kumeneko n'kwa anyamata. Ngati ndikudwaladi, tibweretse kalata yakuchipatala.

Abambo anayenda ulendo uja kachiwiri. Anabwerako madzulo miyendo ili mbuu, opanda kalata. Achipatala anawauza kuti iwo salembera munthu kalata chifukwa cha mutu chabe. Apa ndi pamene pamandiwawa mpaka lero. Uku akuti bweretsani pepala, uko akuti pepala kulibe, ndipo pakati pawo pali mwana woti akungofuna kusuntha mapazi khumi kuchoka pazenera.

Abambo anagamula kuti ndiyambe ndakhala pakhomo mpaka mitambo ibwere. Mitambo inabwera ndi mvula, mvula inabwera ndi kubzala, kenaka amayi anachira mwana wina wofunika mlezi. Kusukulu sindinabwererenso. Palibe amene anandichotsa, palibenso amene anabwera kudzandifunsa. Esitere, amene ndinkamuthandiza kuwerenga, anapitiriza mpaka anadzakhala namwino. Ine kulemba bwinobwino ndinakaphunzira kusukulu ya kwacha ndili kale ndi ana asanu.

Masiku ano zinthu zinasintha, ngakhale alipobe anthu amene ukawauza amangoti, "Mutu wokha basi?" Mdzukulu wanga Tadala anatengera mutu womwewu. Kuchipatala anamuuza dzina la matenda ake, anamupatsa mankhwala oti azimwa zizindikiro zikangoyamba, anamulangizanso za magalasi ochepetsa kuwala ndi zoti asamakhalitse pafoni. Koma atandiuza kuti m'kalasi amakhala pafupi ndi zenera, ndinatenga ndodo yanga. Ndinati kusukuluko ndipita ndekha.

Njira yonse ndinkakonza mawu, mawu amene ndinawasunga zaka zoposa makumi asanu. Ndinapeza mphunzitsi wamkazi, wamng'ono kuposa mwana wanga wotsiriza. Ndisanamalize n'komwe chiganizo chachiwiri, iye anati, "Pepani agogo, sindimadziwa. Kuyambira lero azikhala kukona uko, ndipo mutu ukamuyamba azingondiuza."

Nkhani inathera pomwepo. Ndinaima pakhomo ndodo ili m'manja, wokangana naye palibe. Ndinathokoza, n'kubwerera kunyumba ndi mawu anga onse osawagwiritsa ntchito. Ndi amene ndalemba panowa.