Chidendene Changa pa Mzere

Wezulo wa malume unali wachitsulo, womangirira chingwe cha nsapato, pakamwa pake podyeka ndi mano. Chaka chimene sukulu yathu kwa Mwase inayamba basiketibo, iwo ndiwo ankaimbira, poti masewerawo anawaphunzira ku Chipata. Ine ndinali m'timu ya atsikana, wamtali ngati nsungwi.

Inali nyengo yokumba mtedza, tsiku limene tinasewera ndi atsikana a sukulu ina. Bwalo linali ladothi, mizere yake tinkathira phulusa. Aphunzitsi anali atanena kuti opambana tsikulo adzakwera lole kukasewera ku boma ku Lundazi, kumene ine ndinali ndisanapondeko. Amayi anasiya mtedza padzuwa, mbuzi zili pafupi, kubwera kudzandionerera.

Nthawi itatsala pang'ono kutha, atsikana a sukulu inayo akutiposa pang'ono, mpira unathawira kumbali. Ndinauthamangira, ndinauwakha, n'kuponyera mnzanga, iye n'kugoletsa. Nthungululu zinamveka mpaka kumunda. Koma mkati mwa phokosolo wezulo unali ukulira, malume akuloza chidendene changa chotuwa ndi phulusa.

"Waponda mzere, mphwanga. Watuluka."

Chigoli chija sichinawerengedwe. Tonse tinakulira pa mpira wa miyendo ndi wa manja, kumene mzere ndi mkati. Ku basiketibo mzere ndi kunja: ukaukhudza mpira uli m'manja, basi, zako zada. Lero ndimazidziwa, koma tsikulo akanamva ndani? Malume anaimika mtsikana wa timu inayo kuseri kwa mzere, anampatsa mpira, iye anaponyera mnzake, nthawi n'kutha.

Amayi anawatsata anthu akuona. "Achimwene, mwana wanu yemwe? Mukanatsinzina maso akanaphulika?" Nyengo yonseyo amayi sanawapatse moni, ndipo ine ndinawada malumewo, kuwada kwenikweni. Ndikawaona panjira ndinkalowa m'chimanga chouma.

Tsiku la ulendo, lole inadutsa pamsewu atsikana aja akuimba, fumbi lili koboo. Malume anayenera kukhala momwemo, poti anawasankha kukaimbira ku bomako. Koma nditafika kumunda ndinawapeza pa mizere ya mtedza imene amayi anandigawira, malaya atavula, akukumba osadzutsa mutu. Ine ndinkayesa kuti lole yawasiya, ndipo ndinakondwa.